Nkhuku ya Dzungu pa Chinkhoswe cha Esinala

Mu ufumu wa Tingomvera, chala chachikulu cha kuphazi kwa Mfumu Mwadyanji Wachitatu chitatupa, dziko lonse linayamba kutsimphina. Anthu a kumeneko ndi otero. Mfumu ikayetsemula, nduna zimathamangira kukagula mipango.

Dokotala wochokera kutsidya kwa nyanja anachiyang'ana chalacho, nafunsa zimene mfumu imadya. Atamva yankho anapempha mpando. Kenaka ananena mawu ochepa: nyama ayi. Ng'ombe ayi, mbuzi ayi, nkhumba ayi, chiwindi ndiye isachione n'komwe. Mfumu inapirira masiku angapo ikudya masamba, nkhope ili ngati ya mwana womwetsedwa mankhwala a malungo. Tsiku lina inaona msilikali wa pachipata akutokosa m'mano ndi kamtengo, ndipo mtima unaiwawa kuposa chala. Inaitanitsa bwalo la nduna.

Bwalo linakhala mpaka mipando inatopa. Nduna ya Zaulimi inati ng'ombe imadya udzu wokha koma imanenepa kuposa mkango. Choncho Atingomvera akhala akudya udzu kuyambira kalekale, kungoti umadzera mwa mkhalapakati, ndipo nthawi yakwana yomuchotsa mkhalapakatiyo. Nduna ya Mbiri ya Dziko inatsimikiza kuti makolo sankadya nyama. Mikondo ndi mauta zija zinali zogwetsera malambe. Nduna ya Zachitetezo inawonjeza kuti msilikali wokhuta amagona pa ntchito. Pa mawu alionse Nduna ya Zoombera M'manja inkaomba, ndipo mfumu itayankhula inaomba mwamphamvu mpaka inagwa chagada. Anainyamula manja akugundanabe. Sinadzukenso, ndipo mpando wake unatsala wopanda munthu.

Lamulo linatuluka m'mawa mwake. Nyama yaletsedwa m'dziko lonse: ya miyendo inayi, ya mapiko, ya m'madzi, mbewa ndi ngumbi zomwe. Woipha, woiphika, woidya ndi woinunkhiza mokondwa, onse mlandu wawo ndi umodzi.

Wolengeza atamaliza kuwerenga lamuloli pa msika wa Zatherapano, m'munsi mwa phiri la mfumu, anadikira kuti anthu alire kapena aombe m'manja. Anthuwo sanachite chilichonse. Mayi wina wogulitsa tomato anafunsa ngati nyama ikunenedwayo ndi yomwe ija ankaimva kwa akuluakulu ali mwana. Sikelo Kunkeyani, wogulitsa makala, anangopukuta manja pa thalauza.

"Ife tinasiya kale," anatero. "Mfumu yangochedwa kutipeza. Ipatseni malo, ikhale nafe."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake sikunakhalitse. Posakhalitsa bonongwe, chisoso, luni ndi nkhwani zinayamba kusowa pamsika. Malole ankazitenga kupita nazo pamwamba pa phiri, kumene mfumu inatsegula nyumba yodyera yotchedwa Tsamba Lachifumu. Ndiwo za amphawi zinakwera phiri, eni ake n'kutsala pansi.

Ku Tsamba Lachifumu munthu sankapitako kuti akakhute. Kukhuta ankati ndi khalidwe la kumidzi. Mbale zinali zazikulu ngati lichero, chakudya chake pakati chochepa ngati chitosi cha njiwa. Mbale iliyonse inkabwera ndi chakumwa chakechake, ndipo panali bambo wina wovala jekete lakuda amene ntchito yake inali yokhayo, yosankha kuti tsamba ili limwedwe ndi chiyani. Nduna zinkatuluka mmenemo zikuyamikira kwambiri, kenaka n'kukaima kuseri kwa magalimoto awo kudya zitumbuwa.

Mkulu wake wa Sikelo uja, Elifala Kunkeyani, anali wachiwiri kwa Nduna ya Zoombera M'manja. Anali ataomba zaka zambiri, zikhatho zitalimba ngati za mlimi, ngakhale khasu analisiya asanamere ndevu. Mpando wa nduna utatsala wopanda munthu, Elifala ankauyang'ana monga galu amayang'anira pakamwa pa munthu amene akudya. Vuto linali lakuti ofuna mpandowo anali ambiri, ndipo onse anali ndi manja.

Elifala analinso mwini mbumba. Mlongo wake anamwalira n'kusiya mwana mmodzi, Esinala, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina kumsika. Esinala anali ndi mnyamata womufunsira, Yobu, wa ku dera la Kumbuyo, ndipo chimene chinatsala chinali chinkhoswe basi. Ku Tingomvera ukwati sumangidwa ndi mphete kapena pepala. Atsibweni a mkazi ndi atsibweni a mwamuna amakhala pansi, amawabweretsera nkhuku yootcha yathunthu, wina agwira mwendo uwu wina mwendo uwo, n'kuikhadzula, n'kudya anthu akuona. Odya miyendoyo ndiwo ankhoswe. Banja likayaka moto amathamangira kwa iwo. Kukagwa matenda kapena maliro, uthenga umayambira kwa iwo. Popanda nkhukuyo mkazi amangokhala mlendo m'nyumba ya mwamuna, ndipo tsiku lililonse angathe kuuzidwa kuti anyamule zake.

Chinkhoswe cha Esinala chinali chitalephereka kangapo, nthawi zonse chifukwa Elifala anali ataitanidwa kukaomba m'manja. Tsopano atsibweni a Yobu, a Chadzunda, anatumiza mawu akuti abweranso kamodzi kokha. Zikakanika, mnyamata wawo akamupezera mkazi kwawo, kumene atsibweni amapezeka pakhomo.

Sabata lomwelo mfumu inadandaula pabwalo kuti anthu ena akunamizira miyambo pofuna kudya nyama. Inati ikulakalaka kuona mwambo wa makolo ukuchitika popanda magazi, ndipo woyamba kuuonetsa sadzaiwalika. Elifala anamva mawuwa ndi makutu onse awiri. Anagwada, nayenda ndi mawondo mpaka pafupi ndi phazi lotupa lija, napereka chinkhoswe cha mwana wa mlongo wake kuti chichitikire ku Tsamba Lachifumu, mfumu ikuona.

Esinala atamva, anafunsa chinthu chimodzi chokha: nanga nkhuku? Elifala anati wophika wa kumeneko anaphunzira kunja, ndipo aumba nkhuku yoposa imene thadzi lingaswe. Esinala anamuuza mofatsa kuti anthu onse akudziwa mochitira masiku ano. A Chadzunda abwera ndi nkhuku yawo m'dengu, pansi pa masamba a nthochi. Kuseri kwa chigayo cha kumsika kuli kamalo kabwino. Injini imameza phokoso, ndipo fungo la dizilo limameza utsi. Makala ndiye alipo kwa atsibweni aang'ono, a Sikelo. Elifala anati amenewo ndi maganizo a munthu wokulira m'mbali mwa ngalande. Za Sikelo anati asabwere n'komwe, chifukwa nsalu za pathebulo kumeneko ndi zoyera.

"Atsibweni," anatero Esinala, "ine ndikufuna banja, osati kutchuka."

"Upeza zonse ziwiri," anayankha Elifala, ndipo anakhulupirira zimene ananenazo.

Tsiku litafika, alendo anakwera phiri dzuwa lili pamutu. A Chadzunda anali munthu wamfupi, mwini ngolo ndi ng'ombe ziwiri zimene tsopano ankaopa kuziyang'anitsitsa pagulu. Anavala jekete la pa ukwati wawo, limene mabatani ake anali atasiya kale kukumana. Anabwera ndi mlongo wawo, a Nangondo, ndi Yobu mwini wake, amene anakhala kumapeto kwa thebulo moyandikana ndi Esinala. Onse anali asanadye kanthu kuchokera dzulo lake, poti munthu wopita ku chinkhoswe cha m'nyumba ya mfumu amasiya malo m'mimba. Mfumu inakhala pamalo okwera, phazi lili pa pilo, nduna zili mozungulira, ndi mtolankhani wa wailesi ya ufumu atanyamula chimkuzamawu chake.

Mbale yoyamba inabwera. Pakati pake panali tsamba limodzi la bonongwe, lopindidwa bwino, ndi dontho la nsinjiro pambali. Woperekera chakudya anaima chilili, manja kumbuyo, n'kufotokoza kuti tsambali linathyoledwa kum'mawa kwa chulu, mame asanaume, ndi mayi amene sanakwiye tsiku limenelo. Kenaka panafika wosankha zakumwa uja ndi thobwa losefedwa mpaka kuoneka ngati madzi a mvula, m'matambula a miyendo yaitali. Anati asathamangire kumwa. Ayambe alinunkhiza, alizunguze, amve mmene mapira akukumbukira munda umene anachokera.

A Nangondo anatenga tsamba lija ndi zala ziwiri, nalitafuna mosamala, nayang'ana kudenga.

"Mchere uli bwino, mwanangu," anatero. "Kapakule."

Woperekera chakudya anawerama, poganiza kuti wayamikiridwa. A Nangondo anatembenukira kwa mchimwene wawo n'kunena kuti anthu a kuno ndi aulemu ndithu, ngati mtengwa watsopano: asanapakule amayamba alawitsa alendo mchere. A Chadzunda anavomereza. Elifala anamva ndipo anadziwa kuti alendo ake alakwitsa, koma anaona mtolankhani akugwedeza mutu mokondwa, ndiye anangomwetulira.

Mbale yachiwiri inali therere lomenyedwa mpaka kusanduka thovu, litaikidwa pa kamwala ka mumtsinje. Linabwera ndi vinyo wa nthochi, amene wosankha zakumwa anati ndi wamanyazi poyamba koma amamasuka akazolowera lilime. A Nangondo anati apa chidulo chachepa pang'ono, koma asadandaule, apakule basi. Itatha imeneyo kunabwera bowa mmodzi wodulidwa mopyapyala kwambiri, moti a Chadzunda atamukweza m'mwamba anaona mfumu kudzera mwa iye. Bowa anamwera uchema. Kunabwera kampira ka chigwada kamene aliyense anadziwa chimene kakufanana nacho koma palibe ananena; ako anamwera vinyo wofiira wa chidede. Kenaka kunabwera mbale yovundikira ndi galasi, m'kati mwake muli utsi. Atavundukula utsi unakwera kudenga, pansi n'kutsala kachidutswa ka mbatata kofanana ndi chikhadabo. A Chadzunda anautsatira utsiwo ndi maso, nafunsa mwaulemu ngati chimene chathawacho ndiye chinali chakudya.

Ku Kumbuyo kuli lamulo lawo limene silinalengezedwe pamsika: chakumwa chopatsidwa kwa apongozi sichisiyidwa m'chikho. Ku Tsamba Lachifumu nakonso kunali lamulo lake: tambula yopanda kanthu ndi manyazi kwa mwini nyumba. Malamulo awiriwa atakumana pa thebulo limodzi, mimba zinakhalabe zopanda kanthu, mitu n'kudzaza. Pamene kachasu wa masau ankafika, amene anati amayenda bwino ndi mbatata ya utsi chifukwa onse awiri anadutsa pamoto, a Chadzunda anali atayamba kumutcha wosankha zakumwa uja alamu, ndipo ankamufotokozera makhalidwe a ng'ombe zawo, ina yaulesi ina yamwano. A Nangondo ankang'ung'udza nyimbo ya pamtondo. Nduna nazo kumtunda kuja zinali zitatsamira pa mapewa a zinzake. Elifala ankamva kutentha kokoma m'makutu, ndipo mumtima ankabwereza mawu amene adzanene akamalandira mpando.

Esinala yekha sanamwe. Tambula zake zinangondandalikana patsogolo pake zili zodzaza, iye akuyang'ana kukhomo.

Kenaka ng'oma inalira, ndipo wophika wamkulu analowa yekha, chipewa chake choyera chikutsala pang'ono kukhudza denga, atanyamula mbale yaikulu yovundikira. Mtolankhani anauza dziko lonse kuti mbiri ikulembedwa. Chivundikiro chinachotsedwa.

Kunena zoona, ntchito anaigwira. Thupi linali la dzungu. Miyendo inali ya chinangwa chokulunga ndi bowa. Mapiko anali a mabiringano, ndipo khungu linali la masamba a kholowa okazinga mpaka kufiira. Inagona chagada, miyendo m'mwamba, monga nkhuku iliyonse yaulemu. Wosankha zakumwa anati imeneyi iyenda ndi vinyo wa bwemba wosungidwa m'mtsuko wa dothi la kumanda a mafumu. Mfumu inagwedeza mutu. Elifala anapinda mkono wa malaya, nagwira mwendo umodzi, nayang'ana a Chadzunda.

A Chadzunda sanatambasule dzanja. Anaiyang'ana nkhukuyo kuchokera kumene kukanakhala mutu mpaka kumene kukanakhala chipsepse. Anaweramira pafupi, nainunkhiza monga anawaphunzitsira.

"Ankhoswe anzanga," anatero, "imeneyi inalirapo m'mawa?"

Elifala anaseka mokweza kuti mfumu imve kuti ndi nthabwala. Anafotokoza kuti dziko lapita patsogolo, kuti mwambo umakhala mumtima osati m'mafupa, ndi kuti nkhuku imeneyi ili ndi ubwino woti palibe amene anaithamangitsa. A Chadzunda anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedezeka pang'ono pampando. Kenaka anati iwo akhala akulawa mchere kuyambira masana osadandaula, poganiza kuti kukhitchini kuli anthu osamala. Sanadziwe kuti kulawako ndiko kunali kudya. Zimenezo akhululuka, poti nyumba iliyonse ili ndi umphawi wake. Koma chidole ayi.

"Ana awa akadzakangana adzabwera kwa ine ndisanasukusule," anatero. "Mkazi adzati, a Chadzunda, munadya nkhuku yathu, tiweruzeni. Ine ndidzati chiyani? Kuti ndinadya dzungu? Wodya dzungu amaweruza milandu ya maungu."

Anaimirira, atagwira m'mphepete mwa thebulo kuti lisathawe. Anatembenukira kumtunda, nawerama mwaulemu monga munthu wolera bwino.

"Mwini dziko, pepani ndi chalacho. Koma chala ndi chanu. Ukwati ndi wa ana awa."

Mtolankhani anabisa chimkuzamawu m'khwapa. Koma ku Tingomvera mawu amene sanaomberedwe m'manja amatengedwa ngati sananenedwe, ndipo awa palibe anawaombera. Choncho mfumu sinamve kanthu, nduna sizinamve kanthu, ndipo asilikali analibe chifukwa chogwirira munthu amene sanayankhule. A Chadzunda anatenga chipewa chawo, a Nangondo anamangitsa chitenje, Yobu anawagwira onse awiri m'mikono, ndipo anatuluka akupeperuka ngati mapesi a chimanga tsiku la mphepo.

Esinala anabwera n'kugwada pambali pa mpando wa Elifala. Anayankhula motsitsa mawu.

"Atsibweni, tiyeni. Moto uli kale kuseri kwa chigayo. Ndiwapempha adikire mpaka basi ya ku Kumbuyo idzaze. Si patali."

Elifala anali akadagwirabe mwendo wa chinangwa uja. Anayang'ana kukhomo. Ankadziwa kuti mwanayo akunena zoona, ndipo kwa kanthawi anaona mlongo wake m'nkhope yakeyo, makamaka pa chipumi. Koma kumtunda mfumu inatsokomola, nifunsa ngati mwambo watha, chifukwa phazi layamba kugunda. Elifala anayang'ana kumeneko. Pafupi ndi mfumu panali mpando uja wopanda munthu, ndipo anaona wachiwiri kwa Nduna ya Zaulimi atayamba kale kutambasula zala ngati wofuna kuomba.

"Tsogola," anauza Esinala. "Ndikubwera pompano."

Esinala anamuyang'ana pang'ono, nadzuka, natuluka.

Elifala anagwira mwendo winawo ndi dzanja lamanzere, nakoka uku ndi uku. Miyendo inazuka mosavuta, dzungu n'kuphwanyika, n'kumwazika pa nsalu yoyera mpaka m'mikono ya malaya ake. Anadya mwendo wa kumanja, nadya wa kumanzere. Chinangwa chinali chisanapse m'kati, koma anameza. Nduna ya Mbiri ya Dziko inaimirira nthawi yomweyo n'kufotokoza kuti kale makolo ankakhala ndi nkhoswe mmodzi wa mbali zonse ziwiri, pofuna kuchepetsa mikangano. Za ankhoswe awiri zinabwera ndi alendo. Mfumu inakondwa. Inalengeza kuti ukwati wamangidwa, woyamba wopanda magazi m'mbiri ya dziko, ndipo Elifala Kunkeyani ndiye Nduna ya Zoombera M'manja kuyambira pomwepo.

Panakhala kabata pang'ono, aliyense akudikira woyambitsa. Elifala anakumbukira kuti woyambitsayo tsopano ndi iye. Anadziombera yekha m'manja, dzungu likuwazikira pa nkhope za oyandikana naye, ndipo ena onse anatsatira.

Anafuna kuti apemphe kutuluka, koma zoyankhula zinayamba. Nduna ya Zaulimi inathokoza dzungu. Nduna ya Zachitetezo inathokoza asilikali posunga bata pamene panalibe chimene chinachitika. Wophika anafotokoza mmene maganizo a khungu la kholowa anamufikira ku tulo. Mawu alionse ankafuna kuomberedwa, ndipo nduna yatsopano singachoke mfumu isanayankhule. Mfumu itayamba, inayambira pa ubwana wa chala chake. Elifala ankaomba pamalo oyenera, akuyang'ana mthunzi ukukwawa pa zenera. Ankadzilimbitsa mtima kuti kuchigayo amudikira basi. Mwini mbumba sasinthidwa ngati chubu cha njinga.

Dzuwa linali litapendeka pamene galimoto ya unduna, ka mbendera kakupepera kutsogolo, inatsika phiri. Pamsika anthu anaipatsa njira mosafulumira. Mayi wa tomato uja anasuzumira pa zenera, naona mikono yachikasu ya Elifala, n'kuuza mnzake kuti zaka zino maungu akubereka mpaka nduna. Basi ya ku Kumbuyo inali ikadali pamalo pake, ikulira injini, ndipo Elifala atangoiona mtima unakhala pansi. Galimoto sinathe kulowa m'kanjira ka kuchigayo. Anatsika, nayenda wapansi pa gaga ndi matope, nsapato zake zonyezimira zikuterereka.

Fungo linamupeza asanakhote. Dizilo anayesetsa, koma sanathe kulimeza lonse. Mimba ya Elifala, imene inali ndi tsamba limodzi, thovu, utsi ndi chinangwa chosapsa, inalira mokweza ngati chitseko chakale.

Kuseri kwa chigayo anthu anali atakhala pa matumba. Pakati panali mbaula ya makala ikuzima, ndi lichero. Pa licheropo panali nkhuku yootcha, yeniyeni, yopanda miyendo. Mwendo umodzi, kapena kuti fupa lake, linali m'dzanja la a Chadzunda, amene nyama inali itawabwezera nzeru ndi mawondo. Fupa linalo linali m'dzanja lakuda ndi makala la Sikelo, milomo yake ikunyezimira mafuta.

Atamuona, onse anakhala chete. Chigayo chokha ndicho chinapitiriza kuyankhula.

"Achimwene," anatero Sikelo, osaimirira, "tamva pa wailesi. Akuti ukwati mwaumanga kale kumtundako, nokhanokha. Ndiye ife kuno tikungodya."

Elifala anati wabwera monga analonjezera. Anati anachedwa ndi ntchito ya dziko, imene munthu wogulitsa makala sangaimvetse. Anakumbutsa onse kuti mwini mbumba ndi iye, kuti mwanayu anamulera ndi iye, ndi kuti mwambo sungayende mkulu ali moyo wamng'ono n'kukhala patsogolo. Mawu ake anali abwino, ndipo atamaliza anadikira pang'ono mwachizolowezi. Palibe anaomba.

A Chadzunda anayamwa fupa lawo komaliza, naliika pansi. Anati iwo anadikira. Anadikira mpaka kondakitala anabwera kudzawafunsa ngati akukwera kapena akugona. Mtsikanayu anawagwadira kuti adikirebe, ndipo anadikira chifukwa cha iye. Kenaka anafunsa ngati kuchikazi kuli mwamuna wina wa magazi omwewo amene ali ndi mano, ndipo Sikelo anapezeka ali pomwepo akukupiza moto.

"Ndiye pepani, bwana," anatero. "Nkhuku ili ndi miyendo iwiri basi."

A Nangondo anati nthawi yatha, anthu asambe m'manja agawane zotsalazo basi isanawasiye. Esinala anadzuka pamene anakhala pafupi ndi Yobu, natenga beseni ndi jagi ya madzi. Anayambira kwa a Chadzunda, nagwada, nawathirira. Anapita kwa Sikelo, nagwada, nati, "Sambani, atsibweni." Anathirira a Nangondo, anathirira Yobu, anathirira ngakhale mwini chigayo amene anangobwera kudzaona utsi.

Elifala anali ataima kumapeto, pafupi ndi khoma. Anapinda mikono ya malaya, natambasula manja ake, dzungu litauma m'mizere ya zikhatho ndi pakati pa zala. Esinala anafika patsogolo pake. Anagwada patali pang'ono, monga amagwadira anthu aboma akabwera kudzayendera msika, maso ali pansi.

"Mwaswera bwanji, a Nduna?" anatero.

Sanadikire yankho. Anadzuka ndi beseni lake, nakathira madzi otsalawo pa makala.